Za Kuphunzitsa Hamonika Nyimbo za Makolo a ku China

Pa zoimbira zonse zimene munthu angathe kuzifumbata m'dzanja limodzi, palibe china chimene chidayenda maulendo aatali ndi kulowa m'makomo a mitundu yambiri monga hamonika, kachitsulo kaja kamene woimba amakayendetsa pamilomo, nikalira pamene auzira mpweya, nikaliranso pamene aukoka. Kadabadwira ku Ulaya, m'maiko olankhula Chijeremani, m'zaka za m'ma 1820, ndipo amisiri ake adakakonza kuti kaziimba nyimbo za magule ndi za perete za anthu a kumeneko. Mlandu umene takhalira pansi kuti tiusanthule ndi uwu: kodi choimbira chotere, chimene mawu ake adakhomeredwa pa mkuwa kufakitale, chingathe kuimba mokhulupirika nyimbo za makolo a ku China, zimene alimi, opalasa ngalawa ndi abusa a ziweto adasiyirana pakamwa mibadwomibadwo? Ndipo ngati chingathe, chiyenera kugonja n'chiti, choimbiracho, woimbayo, kapena nyimboyo?

Nkoyenera kukumbukira poyamba kuti kalilime kamene kamanjenjemera m'mimba mwa hamonika si kachilendo konse ku China. Zaka mazanamazana Khristu asanabadwe, Atchaina adali kale ndi choimbira chotchedwa sheng, mtolo wa tinsungwi tozikidwa m'chikho, kansungwi kalikonse ndi kalilime kake kumunsi. Ndipo pamene ofukula zakale adatsekula manda a Yi, mfumu ya dera la Zeng, m'chigawo cha Hubei mu 1978, manda a cha m'ma 433 Khristu asanabadwe, adapezamo zoimbira zimenezi pamodzi ndi mabelu amkuwa otchuka. M'zaka za m'ma 1770 wansembe wa Chijezuiti, Jean Joseph Marie Amiot, amene adakhalitsa ku Beijing, adatumiza sheng ku Paris nalembanso za maimbidwe a Atchaina, ndipo patapita mbadwo umodzi kapena iwiri amisiri a ku Ulaya adali atadzaza misika ndi zoimbira za timalilime: akodiyoni, limba lopopa ndi mapazi lija la m'matchalitchi, ndi hamonika yomwe. Akatswiri amatsutsana ngati sheng ndiyo kholo lenileni la zonsezi, kapena amisiriwo adafikako mwa njira yawoyawo. Koma ubale wa mapangidwe palibe angaukane.

Komabe abale awiriwa adaleredwa mosiyana. Kalilime ka sheng kamasemedwa m'kachitsulo komweko kamene kakhalapo, kotero kuti kamapereka liwu limodzimodzilo pouzira ndi pokoka, ndipo sikalira kufikira chala chitatseka kabowo ka pansungwi yake. Mmisiri amakachuna podonthezera phula kunsonga kwake, monga momwe woomba ng'oma kwathu kuno amamatira phula pakati pa chikopa kuti mawu atsike. Kalilime ka hamonika kamakhomeredwa pamwamba pa kampata ka m'mbale yamkuwa, kena kolira pouzira, kena kolira pokoka, tiwiritiwiri m'bowo lililonse. Kusiyana kumeneku kukuoneka kochepa, koma nkhani yathu yonse yatsamira pomwepo.

Aliyense amene adaimbapo m'kwaya ya kutchalitchi kapena ya kusukulu akudziwa makwerero a mawu asanu ndi awiri, do, re, mi, fa, so, la, ti. Nyimbo zambiri za makolo a Ahan, amene ndiwo mtundu waukulu wa ku China, zimayenda pa asanu okha, do, re, mi, so ndi la, amene eni ake adawatcha gong, shang, jue, zhi ndi yu kuyambira makedzana, ndipo masiku ano amawalemba ndi manambala, 1, 2, 3, 5 ndi 6. Lililonse la mawu asanuwa lingathe kukhala kwawo kwa nyimbo, kumene imabwerera kukapumula: Molihua, nyimbo ya duwa ya ku Jiangsu, imakhazikika pa so, pamene Kangding Qingge ya ku mapiri a Sichuan imakhazikika pa la. Munthu wopupuluma adzati, ngati hamonika ili nawo asanu ndi awiri, asanu angaivute bwanji? Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Hamonika wamba ya mabowo 10 ndi timalilime 20, imene Matthias Hohner ndi ana ake adaifalitsa pa dziko lonse kuchokera ku Trossingen kumene iye adayamba ntchito mu 1857, idayalidwa motsata dongosolo lotchedwa Richter: pouzira imapereka do, mi, so mobwerezabwereza, ndipo pokoka m'mabowo atatu a kumunsi imapereka re, so, ti. Adachita dala chotero kuti woimba wa Chijeremani, pomiza mabowo angapo m'kamwa nthawi imodzi, apeze mawu ogwirizana operekezera nyimbo yake. Koma mtengo wake unali wakuti chigawo cha kumunsi chidatsala chopanda fa ndi la. Kusowa kwa fa sikudandaulitsa kwenikweni woimba nyimbo za Chitchaina. Kusowa kwa la ndiko kugwetsa mzati wa nyumba, pakuti nyimbo zokhazikika pa la zimatsikira kumeneko kukamaliza, ndipo zikafika zipeza pakhomo potseka.

Mankhwala a vuto ili ngapafupi, ndipo ndiwo phunziro loyamba la aliyense wofuna kusintha hamonika. Liwu la so lidaikidwa kawiri kumunsiko, pokoka m'bowo lachiwiri ndi pouzira m'bowo lachitatu, kotero kuti limodzi lingathe kuperekedwa nsembe popanda kutaya kanthu. Mmisiri amamasula zivundikiro, nachotsa mbale yamkuwa, nalowetsa kachitsulo kopyapyala ngati pepala pansi pa kalilime ka bowo lachitatu kuti kasapindike. Kenaka amapala kunsonga kwake ndi tupa yosalala, pang'onong'ono, pakuti nsonga ikapepuka kalilime kamanjenjemera mofulumira ndipo liwu limakwera, pamene kupala kutsinde, pafupi ndi msomali, kumalitsitsa. Amapala kawiri kapena katatu, nabwezera mbale, nauzira, namvetsera. Ndipo amadikira kuti chinyezi cha mpweya wake chiume asanaweruze, chifukwa kalilime konyowa kamanama, kamalira motsikirapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wopala mwaphuma amapyola la, ndipo mkuwa wochoka subwerera. Brendan Power, woimba wa ku New Zealand wokhala ku Britain, ndiye adatchukitsa kachunidwe kameneka, nakatcha Paddy Richter, pofuna kuimba nyimbo za magule za ku Ireland. Koma chimene chidachiritsa nyimbo za Aairishi chimachiritsanso za Atchaina, popeza zonse ziwiri zimafuna la wa kumunsi.

Anthu a Kum'mawa eni ake adadzera njira ina, ndipo adayamba kale. Hamonika imene idakhazikika ku Japan, ndipo pambuyo pake ku China, inali ya mizere iwiri ya mabowo, yochokera ku Vienna, imene liwu lililonse lili ndi timalilime tiwiri tochunidwa mosiyana pang'ono, kuti tikamalira pamodzi mawu azimveka onthunthumira. Mjapani Kawaguchi Shōgo adakonzanso mayalidwe a chigawo chake cha kumunsi kuti nyimbo izitha kuyendamo osapunthwa, ndipo mnzake Satō Hiderō adalimbikitsa hamonika za makwerero achisoni ndi luso lodziperekeza mwini. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 mzinda wa Shanghai udagwidwa ndi chikondi cha kachoimbira aka: Wang Qingxun, wochokera ku Taiwan, adakhazikitsa bungwe la oimba hamonika lotchedwa Zhonghua, Shi Renwang nakhazikitsa lina lotchedwa Dazhong, mafakitale a m'mzindamo nayamba kupanga hamonika zawozawo, ndipo ana a sukulu, makalaliki ndi ogwira ntchito m'masitolo, amene piyano kapena vayolini sakadaikwanitsa, adapeza choimbira cha mtengo wofikirika. Hamonika ya mabowo 24 pamzere uliwonse idasanduka chuma cha m'nyumba zosawerengeka, ndipo kufikira lero Mtchaina wachikulire akamva dzina la hamonika, imene imabwera m'maganizo mwake ndi imeneyi.

Luso limene oimba a ku Shanghai adakulitsa silochepa. Ankatseka mabowo a kumanzere ndi lilime nalitsekula motsata kugunda kwa nyimbo, kotero kuti pakamwa pamodzi pankatuluka woimba ndi womuperekeza. Ankaika lilime pakati kuti mawu awiri otalikirana, do wa kumunsi ndi do wa kumwamba, kapena do ndi so, alire pamodzi, zimene zimayandikira kamvekedwe ka sheng, pakuti sheng imakonda kuphatikiza mawu otalikirana chotero kusiyana ndi kuunjika do, mi, so monga achitira Azungu. Ankaphimba mzere umodzi ndi mlomo kuti kalilime kamodzi kokha kalire mowonda ngati nsambo. Ankasanjikiza hamonika ziwiri, ina pamwamba pa inzake, kuti apeze mawu a pakati. Nyimbo monga Fengyang Huagu, ya oimba ng'oma oyendayenda a ku Anhui, idakhala mwa njira imeneyi chionetsero cha ukatswiri.

Alipo ena masiku ano amene amanyoza mwambo umenewu, nati udaveka nyimbo za kumudzi malaya a Chizungu, ndipo m'mawu awo muli choonadi. Pakuti pamene woimba aperekeza nyimbo ya mawu asanu ndi migwirizano ya do, mi, so yodumphadumpha ngati ya perete, amaipatsa kayendedwe kamene idabadwa ilibe. Koma ine sindingaponye nawo mwala. Zaka zoposa 90 za kuimba, kuphunzitsa ndi kukondana ndi choimbira zimakhala mwambo pazokha, ndipo anthu amene adalira ndi kusekera m'mawu onthunthumirawo sadali kunyengedwa. Chimene tinganene mosakondera n'chakuti m'njira ya ku Shanghai nyimbo ndiyo idagonja kwambiri: idasunga mafupa ake onse, koma idasiya panja chinthu china chimene oimba a makolo amachiyesa moyo wake.

Chinthucho ndi ulendo wa liwu pochoka pa khwerero lina kunka pa linzake. Woimba wa kumudzi ku China saponda mawu asanu aja monga munthu wokwera makwerero. Amatsetsereka kulowa m'liwu kuchokera kumunsi kapena kumwamba, amaligwedeza ali momwemo, amalisiya likugwa pang'onopang'ono pomaliza, ndipo nthawi zambiri kutsetsereka kwake kumatsata kukwera ndi kutsika kwa chilankhulo, popeza m'Chitchaina, monganso m'Chichewa chathu koma mopambana, kamvekedwe ka liwu kamasintha tanthauzo. N'chifukwa chake nyimbo za ku Guangdong zimapindika mosiyana ndi za ku Henan, ngakhale manambala olembedwa papepala atafanana. Zoimbira zimene Atchaina amazikonda zidapangidwa kuti zitsanzire mmero wa munthu: erhu, ya nsambo ziwiri yokhwekhwereza ndi uta, ilibe pogunditsa nsambo, ndipo chala chimayandama momasuka, woimba zheng amakanikiza nsambo ndi dzanja lamanzere kuti liwu likwere litaimbidwa kale, woliza chitoliro cha dizi amatsekula bowo mwapang'onopang'ono. Amene adamvapo nyimbo ya Erquan Yingyue monga adaiimbira Abing, woimba wakhungu wa m'misewu ya Wuxi, pamene wofufuza nyimbo Yang Yinliu ndi anzake adamujambula mawu mu 1950 miyezi yochepa asanamwalire, akudziwa kuti chisoni chonse cha nyimboyo chili m'mipata ya pakati pa mawu, ndi kuti munthu ataiimba pa limba, liwu ndi liwu molungama, adzakhala atanena zonse osanena kanthu. Tsono hamonika ya mizere iwiri, m'mene kalilime kalikonse kali m'kachipinda kakekake, imapinda mawu pang'ono chabe, ndiponso movutikira.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Chinsinsi cha kupinda mawu pa hamonika chidavumbulidwa kutali ndi Germany ndi China komwe, ndi anthu akuda a kummwera kwa America, oimba blues, amene adapeza kuti posintha maonekedwe a m'kamwa, kukweza msana wa lilime ndi kutsekula kummero pokoka mpweya, liwu limatsika nkumalira ngati munthu. Chimachitika n'chakuti timalilime tiwiri tokhala m'bowo limodzi timagwirizana: kolira mokwera kamakokeredwa pansi, kanzake nkuyamba kunjenjemera nako, ndipo liwu lingathe kutsetsereka mpaka pafupi ndi liwu la kanzakeko. Apa pali mphatso, palinso malire. M'bowo lililonse liwu limodzi lokha ndilo limapindika, lokwera pa awiriwo, ndipo limapindika molingana ndi mtunda umene uli pakati pawo: m'bowo lachitatu limatsika kwambiri, m'bowo lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi theka la khwerero lokha, m'bowo lachisanu pafupifupi osatsika. Woimba wochenjera amasamutsa nyimbo kuti mawu ofunika kupinda agwere pa mabowo okoka, mwachitsanzo poyesa liwu lokoka la bowo lachinayi kukhala la wake, ndipo nyimbo zambiri zachisoni zimakhala bwino pamenepo. Komabe padzapezeka liwu louzira limene nyimbo ikufuna kuti ligwe misozi, ilo nkuima njo ngati chikhomo. Ngakhale luso la kuuzira mopyoza limene woimba Howard Levy adalikulitsa kuyambira cha m'ma 1970, lopatsa hamonika yaing'ono mawu onse 12, limadzaza mipata ya makwerero koposa kufewetsa mayendedwe.

Hamonika ya batani, imene imakweza liwu lililonse ndi theka la khwerero munthu akakankha kachitsulo ka kumbali, ndiyo idanyamula oimba a Chitchaina kukafika nawo m'maholo aakulu. Cham-Ber Huang, wobadwira ku Shanghai mu 1925, amene adasamukira ku America nathandizanso kampani ya Hohner kukonza hamonika za mtundu umenewu, ndiye kholo la ambiri. Gulu la King's Harmonica Quintet la ku Hong Kong ndi oimba osonkhana pa chikondwerero cha hamonika cha Asia ndi Pacific, chimene chidayambira ku Taipei mu 1996, adapitiriza ntchitoyo. Koma pa nyimbo za makolo batanili lili ndi chilema chake, pakuti m'makwerero a mawu asanu mulibe theka la khwerero, ndipo zokometsera zimene Atchaina amati kuwonjezera maluwa zimadumphira pa liwu loyandikana la m'makwerero omwewo, re kukhudza mi, la kukhudza do; batani likangokweza theka, duwalo limanunkha fungo la dziko lina. Amisiri ena adachunanso mbale yachiwiri yonse kuti batani lizipereka liwu lotsatira la m'makwerero, ndipo adachotsa tina mwa timapepala totseka mpweya, timene timaletsa timalilime tiwiri kugwirizana, kuti kupinda kutheke.

Atafika pamenepa, oganiza mozama adaona kuti ngati kupinda kumafuna kalilime kanzake ka liwu lotsikirapo, nkotheka kupatsa liwu lililonse mnzake wotere, kalilime kosalira pakokha, kongodikira kuthandiza. Mmisiri Rick Epping adakonzera Hohner hamonika ya timalilime 40 yotchedwa XB-40, Suzuki idatulutsa ya timalilime 30 yotchedwa SUB30, ndipo Brendan Power yemwe uja, atakopeka ndi kulira kwa erhu ndi zitoliro za ku China, adakonza ina pa thupi la hamonika ya batani, naitcha AsiaBend, cholinga chake chili chakuti pasatsale liwu limene silingatsetsereke. Adajambulanso chimbale chotchedwa New Chinese Harmonica. Apa ndipo pamene choimbira chidagonjera nyimbo kotheratu, ndipo mtima wanga uli kumbali imeneyi, pakuti nyimbo ndiyo idayamba kukhalako, ndipo mkuwa ungasulidwenso. Walira mvula walira matope: hamonika zotere zimadula, zimadya mpweya wambiri, zimataya migwirizano ya mawu imene inali ulemerero wa hamonika yakale, ndipo woimba wozolowera mayalidwe akale amayamba ngati mwana.

Wina adzafunsa, ndipo funso lake ndi lolungama, kuti kuvutika konseku nkwanji, pamene ku Yunnan kuli kale hulusi ya anthu a mtundu wa Adai, ya chikho ndi nsungwi, ndi bawu, zoimbira za kalilime zokhala ndi mabowo a zala, zimene zimatsetsereka mwachibadwa? Yankho langa ndi lakuti hamonika ili ndi china chimene izo zilibe. Mpweya wake umalowa ndi kutuluka monga wa munthu wolankhula, m'kamwa ndi mmero wa woimba ndizo zimaumba liwu popanda chala kulowererapo, ndipo manja ophimba kumbuyo amalitsekula ndi kulitseka ngati milomo yachiwiri. Mtunda wa mawu ake ndi wautali kuposa wa hulusi. Sidzakhala erhu, ndipo woimba amene afuna kunamiza makutu kuti akumva erhu wasokera. Koma ingathe kukhala mmero wina watsopano wa nyimbo zakale, monga momwe yangqin ndi suona, zoimbira zimene zidachokera kumadzulo kwa Asia, zidakhalira za Chitchaina kwathunthu zitagonera m'manja mwa eni nyimbo mibadwo ingapo.

Patsala chinthu chimodzi chimene tupa ndi timalilime towonjezera sizidachigonjetse. M'chigawo cha Shaanxi, m'maimbidwe a zisudzo za qinqiang ndi m'nyimbo za anthu a kumeneko, muli makwerero awiri, ena otchedwa a chimwemwe, otsamira pa mi ndi la, ena otchedwa owawa, otsamira pa fa wokwera pang'ono ndi ti wotsika pang'ono, mawu amene sapezeka pa piyano iliyonse. Oimba a ku Chaozhou ndi a ku Guangdong nawonso ali ndi mawu apakati otere. Zhu Zaiyu, mwana wa banja lachifumu la Ming, adawerengera molondola kugawa makwerero m'zigawo 12 zofanana mu 1584, koma oimba a m'midzi ndi a m'mabwalo a zisudzo adapitiriza kutsata khutu la makolo awo. Mmisiri angathe kupala fa kuti akwere pang'ono ndi kudonthezera chitsulo chosungunula kunsonga kwa ti kuti atsike, ndipo akatero hamonikayo siidzagwirizananso ndi piyano kapena ndi hamonika zinzake. Komanso mawu owawawo sakhala malo amodzi, amasendera pamene nyimbo ikukwera nasenderanso pamene ikutsika, mosiyana m'kamwa mwa woimba uyu ndi uyo. Woliza hamonika wofuna kuwapeza ayenera kuwagwira ndi kupinda, kuimitsa liwu pakati pa ulendo wake ndi kuligwedezera pomwepo, ndipo malo oimitsirawo sadalembedwe m'manambala. Amawaphunzira pomvetsera oimba a ku Shaanxi miyezi ndi zaka, kufikira mmero wake utawadziwa. Mafakitale a ku Jiangsu, amene lero amatumiza hamonika pa dziko lonse, amapangira ogula ochuluka ndipo amatsata makwerero a Azungu, kotero kuti ntchito yosema hamonika ya chigawo chimodzi, imodziimodzi, idakali m'manja mwa amisiri a tupa ndi oimba eni ake.